Ndere za Pamtengo Waukulu

Nditagwira ntchito ya zankhalango ku Misuku kwa zaka zingapo, ndinayamba kudziona ngati mwini wake wa nkhalango ya Mughese. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinali nditaphunzira kulonjera m'Chitumbuka, tinjira tonse ta m'minda ya khofi ndinkatidziwa, ndipo mlendo akaloza mtengo ndinkatchula dzina lake asanatsitse chala. Ukakhala woti sindikuudziwa ndinkangoupatsa dzina lina molimba mtima. Panalibe wonditsutsa.

Chaka china kunabwera mayi wofufuza wochokera ku yunivesite, wamng'ono kwa ine, atavala magambutsi omukulira. Abwana anati ndizimuperekeza. Ndinkaganiza kuti wabwerera anyani kapena mbalame, koma titangolowa m'nkhalango anaima pamtengo woyamba, natulutsa kagalasi kokulitsa zinthu, nayamba kusuzumira khungwa.

"Mukufuna chiyani pamenepo, madamu?"

"Ndere, bambo."

"Ulendo wonsewu, mapiri onsewa, ndere basi?"

Anandifotokozera kuti ndere zouma zomera pamitengo ndi pamiyala si chinthu chimodzi. Ndi bowa wokhala limodzi ndi tizomera tobiriwira tosaoneka ndi maso, ndipo mitundu yake ndi yankhaninkhani. Ina imafanana ngati mapasa, n'chifukwa chake amaiyeza DNA.

"DNA yomwe ija amayezera mwana bambo ake akamamukana?"

"Yomweyo. Timadula kachidutswa ngati kanjere ka mawere, makina amawerenga, ndiye timayerekeza ndi zomwe ena anawerenga kale."

Ndinamuuza kuti makinawo ndi a anthu a m'tauni, ine maso anga ndi okwana. Tsiku lachitatu ndinayala zomwe tinatola pakhonde la ofesi n'kuzigawa milu. Zitatu ndinati ndi mitundu yosiyana, poti ina inali yotuwa, ina yobiriwira, ina yamakwinya. Ziwiri ndinalumbira kuti ndi mtundu umodzi. Iye sanatsutse. Anangolemba mawu anga m'kope lake, ine n'kumati wagoma nane.

Malamulo ake anali awiri. Ndere iliyonse ilowe mu envulopu ya pepala, osati m'jumbo. Ndipo pa envulopupo tilembe malo enieni ndi dzina la mtengo.

Potsikira ku boma kwa masiku anayi, anandisiyira maenvulopu kuti ndipitirize ndekha. Pamwala wina pafupi ndi kamtsinje ndinapeza ndere yofiirira ngati papaya wakupsa, yomwe ndinali ndisanaionepo. Paja anali atandiuza kuti mtundu watsopano nthawi zina amaupatsa dzina la woupeza. Kunali kamvula kowaza, ndipo ndinaona kuti chuma chotere sichingayende m'pepala. Ndinakhuthula nthochi zophika zomwe ndinatenga za nkhomaliro, ndereyo ndinaika m'jumbomo, n'kumanga mfundo ziwiri. Potsika ndinakhala pansi kupumula. Envulopu imodzi inali itatsala, ndiye ndinangopala kandere kotuwa kosaoneka bwino pamtengo womwe ndinatsamira, n'kulemba kuti "pamtengo waukulu".

Mayi uja atabwera anayang'ana jumbo lija litachita thukuta mkati, nandiyang'ana ine.

"Tiyesabe, bambo," anatero, nalilonga limodzi ndi zinazo. Anali pachangu, galimoto ikumudikira.

Ine sindinadikire makina. Ndinauza mkazi wanga kuti dzina lathu lilowa m'mabuku. Ndinauzanso alimi a khofi pamalo popunthira nkhani yonse, mpaka za jumbo lija, ndipo mkulu wina anavula chipewa nati, "Yewo adada Pulofesa, mutikumbukireko mukakwera ndege." Dzinalo linandikakamira, ndipo sindinalikane.

Patapita miyezi isanu foni inalira ndili pakati pa anthu omwewo. Ndinatsegula sipika kuti onse amve. Mpaka lero sindidziwa chinandituma.

"Bambo, zotsatira zatuluka. Zitatu zija munati n'zosiyana ndi mtundu umodzi. Ina inamera padzuwa, ina pamthunzi, ina yangokalamba."

"Nanga ziwiri zija?"

"Zimenezo ndiye zosiyana. Ngakhale chibale chake n'chapatali."

"Chabwino. Nanga yofiira ija?"

"Makina awerenga nkhungu, bambo. Yomwe imamera pa chakudya chogona. M'jumbo muja munali chiyani?"

"Nthochi," anayankha mkulu wa chipewa uja, ine ndisanatsegule pakamwa. Anthu anaseka mpaka mayi wina anatula dengu la khofi pansi.

"Koma musadule kaye," anatero wofufuzayo. "Pali imodzi yotuwa yomwe sikugwirizana ndi chilichonse chomwe chinawerengedwapo. Mwina ndi yatsopano. Tikufunika ina yambiri kuti titsimikize. Pa envulopu mwangolemba kuti pamtengo waukulu. Mtengo wake uti?"

M'Mughese mulibe mtengo waung'ono.

Mayi uja anabweranso chilimwe chotsatira. Masiku atatu tinakwera ndi kutsika phiri lija, ine patsogolo, ndikukhala pansi pa mtengo uliwonse n'kutsamira kuti mwina msana ukumbukira chomwe mutu unaiwala. Kawiri konse ndinafuula kuti ndi uwu. Tinapala ndere zotuwa pamitengo yambirimbiri, ndipo ulendo uno ankalemba yekha. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi, zomwe zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Atakayeza, zonse zinali mtundu wamba. Kachidutswa kanga kaja kali m'kabati ku yunivesite, kopanda dzina, ndipo akuti kadzakhala choncho mpaka kadzapezeke kanzake. Mwezi watha mwana wanga wamkazi, yemwe ali ku sekondale, anandifunsa ngati ndingamuthandize funso la sayansi ya zamoyo. Ndinaliwerenga kawiri, n'kumuuza kuti akafunse aphunzitsi ake.