Chingamu Kunsi kwa Benchi

Fodya ndinasiya, koma chingamu chamankhwala chimene adokotala anandipatsa kuti chiphe chibaba ndicho chinandikanilila. Chitasowa m'makemisti a m'tauni, monga ankasowela sopo zaka zija za chipani chimodzi, ndinauza mkazi wanga kuti nachonso ndaleka.

Linali bodza. Zotafunatafuna zakale ndinkazimata kunsi kwa benchi lathu m'tchalitchi ku Kabwata, ndipo zinali zikadalipo. Sondo iliyonse ndinkawelama kwambili pa pemphelo, kumatula kamodzi, n'kuponya m'kamwa. Akulu a mpingo mpaka anayamika kudzichepetsa kwanga.

Tsiku lina ndinapapasa, kupapasa, thabwa lili see! Mkazi wanga anandinong'oneza, maso ali chitsinzinile: "Atate ake Misozi, dzulo azimai tinapala mabenchi yonse. Lelo pemphelani chabe."