Mbendera Pakhomo pa Padaliya Yathu

Amuna anga anali ndi padaliya, nyumba yophikira ndi kugulitsira mikate, ku Tsangano, kuseri kwa msika, ndipo nthenda yawo inali imodzi: mbendera ya mphotho. Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, akuluakulu a boma ankaitana eni maloja, eni zigayo ndi ena onse a malonda pabwalo la ofesi, n'kutchula amene watumikira anthu bwino kuposa anzake. Wopambanayo ankalandira kansalu kofiira ka mphonje zachikasu, kopachika pamwamba pa chitseko mpaka chaka chinacho. Mwambo wake unali wakuti amene anali nayo ainyamule yekha, ng'oma zikulira pambuyo, akaipereke pakhomo pa mnzake.

Ng'omazo pakhomo pathu zinkangodutsa. Kawirikawiri zinkakaima kwa alufayati, mkulu wosoka zovala amene ankasewera bawo ndi amuna anga. Abambo a ana anga ankabwera kunyumba ali ndwii, ati mutu ukuwapweteka. Ine ndinkawaseka kuti, "Kodi nsaluyo mukaipata tidzaiphika?" Koma ndikaona momwe ankasefera ufa wa tirigu mobwereza kuti mkate wawo ukhale wosalala, chisoni chinkandigwira.

Nkhondo itayandikira, tirigu anasowa. Anthu anasiya kupita kuminda yakutali. Abambo anayamba kusakaniza kaufa kochepako ndi mbatatesi zophika, bola aphunzitsi ndi anamwino asamayambe ntchito ndi njala. Chaka chimenecho ndiye anatchula dzina lawo.

Linatchulidwa nthawi yoipa. Amfuti a m'tchire anali atayamba kutentha nyumba iliyonse yooneka kuti ikugwirizana ndi boma, ndipo tinali titamva za loja ina imene inapsa cha ku Ntengo-Wambalame. Ng'oma panalibe woyerekeza kuiimba. Alufayati anabweretsa mbendera ili m'thumba, pamwamba atathirapo nyemba.

Ine sindinazungulire. Ndinati, "Abambo, muli ndi ana. Nsalu iyi pachitseko ayi."

Sanatsutse. Anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa bokosi la zovala. Koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kuimba pokanda ufa, munthu amene nyimbo zake za kutchalitchi zinkatisowetsa mtendere. Anadikira mpaka kumera imvi, ndipo mphotho yawo inali kudyedwa ndi njenjete.

Amene anapeza nzeru ndi alufayati. Anandipeza ndikutola nkhuni za uvuni, nati, "Mlamu, mnzangayu atifera. Lamlungu tikatuluka ku misa tiipachike. Dzuwa likafika pamutu, mudzaitsitse nokha."

Ndinalola, mtima uli m'mwamba.

Lamlungulo anthu anabwera mmodzimmodzi ngati odzagula mkate. Anafika mwini chigayo, ngakhale chigayocho chinali chitaima posowa mafuta. Anafika okonza njinga, amayi a loja ya nsalu imene munatsala mashelefu okhaokha, amayi ogulitsa mbatatesi pamsika. Alufayati anakwera pampando n'kupachika mbendera ija ndi manja awo, monga mwa mwambo, kenako anawayamikira nati, "Parabensi, achimwene. Mwaigwirira ntchito." Anthu anaomba m'manja motsitsa, mwaulemu, ngati akulonjera apongozi. Amuna anga anaima pansi pa nsaluyo, ufa uli m'zigongono, osadziwa poika manja. Kenako anangolowa n'kutulutsa mikate yonse ya tsikulo, kugawira aliyense. Anthu anadya ali chiimire, akuseka nkhani za zaka za ng'oma, wina akuti alufayati ankapambana chifukwa chosokera akuluakulu mathalauza. Masana ndinaitsitsa.

Mvula isanagwe tinathawa, kuwoloka malire kupita ku Ntcheu ndi ana ndi mitolo pamutu. Ena analowera ku Dedza, ena ku Tete, ena sitinamvenso za iwo. Ndinabwerera ku Tsangano nkhondo itatha, ndipo msika unadzazanso, koma ndi nkhope zina. Ndimaulakalaka m'mawa wa Lamlungu lija kuposa zaka zonse za mtendere zimene ndinakhala kuseri kwa msika.

Amuna anga sanabwerere nane, tinawaika ku Ntcheu komweko. Pamene ankadwala sankafunsa za padaliya, ngati inapsa kapena ilipo. Ankangondiuza kuti ndiwatchulirenso anthu amene anabwera pakhomo tsiku lija, ndipo ndikadumpha wina ankandikumbutsa.