Anandilira Maliro Ndili Pamtondo

Ine ndine Zelipa, Zelipa wa bere limodzi, Zelipa wa zidzukulu zodzaza bwalo. Zilembo zangazi n'zokhota ngati mapazi a nkhuku, koma werengani, nkhani yake njowongoka.

Nkhondo ya Jeremani itangotha, amuna anga anapita ku Halale, ndipo anatchona. Ndinatsala ndi kamwana kumsana ndi nkhokwe yolira mbewa. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi, aNabanda, amene ankayang'anira amayi osinja pachipatala cha amishoni uko ku Sinda, anandigwira mkono n'kuufinya ngati akusankha nzimbe. "Mkono uwu ngwa munsi," anatero. "Ubwere mawa." Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza choncho.

Chigayo kunalibe masiku amenewo. Odwala onse ankadya za m'mitondo yathu. Tinkakonola chimanga titawaza timadzi, kupeta ndi lichero kuti gaga achoke, kuviika mphale m'mitsuko mpaka ifewe, kuitsuka, kuitibula, kusefa, n'kuyanika ufa pamphasa. Mtondo umodzi, akazi awiri. Wina akakweza munsi, wina watsitsa. Chotisunga chinali nyimbo, pakuti ukaphonya nyimbo minsi imagundana m'mwamba, chala n'kuphwanyika. ANabanda ankati, "Wosamva nyimbo achoke pamtondo."

Mnzanga wa pamtondo anali Esinala, wamfupi, wakuda bii, pakamwa ngati mpheta. Ha, masiku aja! Mthunzi wa mkuyu, nkhunda zikutola misere m'mapazi mwathu, thukuta likutsika, ife gu, gu, gu, tikunyoza amuna otchona m'nyimbo mpaka odwala kuseka m'mabedi mwawo. Fungo la gaga wonyowa ndimalimvabe.

Mwana atasiya kuyamwa, ndinapeza kanthu m'bere lakumanzere, kolimba ngati nzama. Sikankapweteka. Ndinakabisa, kakukula, ndinakabisa, kakukula, mpaka kanafanana ndi dzira la nkhanga. Ndinali nditaperekerapo phala kwa mayi wina wa bala la m'bere, ndipo ndinaona m'mene anathera. Zidzukulu zanga zimati nthendayi ndi khansa. Ife tinkangoti chotupa chosamva mankhwala. Posinja ndinkayimba ndi pakamwa, koma mumtima ndinkafunsa: mwana wangayu adzamusambitsa ndani?

Esinala ndiye anandigwira tikusamba kudambo. "Iwe, ukuweta chiyani m'menemo? Ukudikira kuti chiswe anapiye?" Anandikoka mpaka kwa adotolo.

Anandiika kansalu konunkha pamphuno, dziko linazima. Podzuka, bere palibe, pali mzere wa ulusi kuyambira pachifuwa mpaka m'khwapa. Ndinalira, abale. Sindinalire ululu ayi, ndinalira kuti kodi ndidakali mkazi? Nsalu ndikamanga pachifuwa inkatsetsereka mbali imodzi. Kumudzi ena ankati ndalodzedwa, ena ankati wodulidwa chotere saona mvula ikubwerayo. Ondizonda ankalankhula motsitsa mawu ngati ndagona kale pamphasa ya maliro.

Bala linapola, koma mkono wakumanzere unauma. Sunkafika ngakhale pamutu.

Ndinabwerera kuntchito sabata ya Mgonero, pamene akhristu a m'midzi yonse ankadzagona pamishoni, ufa ukufunika wambiri. ANabanda anayang'ana mkono wanga wouma uja. "Zelipa, mwana wanga, pano sitisunga munthu chifukwa cha chisoni. Ukalephera, upite kwanu ukapume." Kwathu kunali chiyani? Nkhokwe ya mbewa ija, ndi anthu ondidikira kufa.

Esinala anayambitsa nyimbo yathu yothamanga ija. Ndinakweza munsi, mkono unakana panjira, minsi inagundana, khwa! Chimanga chinamwazika, nkhunda zinasangalala. Tinayambanso. Khwa! Esinala anayamwa chala chake chikutuluka magazi. ANabanda anayamba kubwera, ndipo ndinadziwa mawu amene ankabwera nawo.

"Dikirani, amayi," anatero Esinala. "Si mkono wolakwa, ndi nyimboyi. Ikuthamanga ngati yaba nkhuku."

Anafunafuna m'mutu nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, ndipo imene anaipeza inali imodzi yokha: ya maliro, ija timayimba poperekeza mtembo. Anaiyamba ndi mawu ake aakulu aja: "Pita bwino, mlendo, katundu watula." Ine ndinakweza munsi pang'onopang'ono, ndinatsitsa, gu. Iye gu. Ine gu. Amayi a mitondo inayo anavomereza, nawonso anachepetsa liwiro. Misozi ikutsika, thukuta likutsika, koma minsi sinagundanenso.

Tsono ife tinaiwala kuti nyimbo imeneyo siyimbidwa chabe. Alendo a Mgonero anaimva ali kutchalitchi, akudziwa kuti wodwala wa pamtondo ndi mmodzi. Tinangoona chigulu chikutsika, amayi manja kumutu, "Mayo, Zelipa! Zelipa watisiya!" Patsogolo panali azakhali anga, nsalu atamanga kale m'chiuno, akugubuduka m'fumbi. Mkulu wa mpingo anali atatuma kale anthu kukatenga makasu.

Anafika pamkuyu, anandipeza ndili chilili, munsi m'manja, gaga mpaka m'nsidze.

Azakhali anasiya kulira pakati pa mawu. "Iwe, sunafe?"

"Ndikonole kaye, azakhali," ndinatero. "Ufa sunakwane."

Kuseka kwake! ANabanda, amene sankaseka pantchito, anakhala pansi atagwira nthiti. Maliro anasanduka nthungululu. Amayi aja analanda minsi, ndipo chimanga chonse cha Mgonero chinakonoledwa dzuwa lisanapendeke. Za kupita kwathu sizinatchulidwenso.

Mkono unamasuka pang'onopang'ono, munsi ndiwo unauphunzitsa. Mantha okha ndiwo sanachoke msanga. Mvula iliyonse ikayamba ndinkapapasa bere lotsalalo, mtima uli m'mwamba. Koma lomwelo linadzayamwitsa ana ena nditakwatiwanso, ndipo onse ananenepa.

Esinala anapita, aNabanda anapita, mkuyu anaudula, pamalopo pakulira chigayo. Chimene ndinatola pamtondo ndi ichi: mnzako akalephera kufika pa nyimbo, usamuchotse, tsitsa nyimboyo imupeze. Ndipo inu zidzukulu zanga, tsiku langa likadzafika, ya maliro ija musadzavutike nayo. Anandiyimbira kale, ndinaimva ndekha, ndinavomereza nawo. Mudzandiyimbire yothamanga ija, yonyoza amuna otchona.