Masabata Awiri a Bambo Valdivino ku Caldas Novas

Bambo Valdivino Teles anayendetsa basi ya alendo kuchokera ku Goiânia kupita ku Caldas Novas kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, koma madzi otentha amene anthu amapitira kumeneko sanawavikemo ngakhale chala. Ankanyamuka m'bandakucha basi itadzaza ndi amayi a kutchalitchi, mwina nkhalamba zopuma pantchito, mwina ana a sukulu. Ankawatsitsa pachipata cha paki ya madzi, iwo n'kuzungulira kuseri kukaimika pabwalo la fumbi lofiira pamene mabasi onse amadikira. Kumeneko madalaivala ali ndi kamudzi kawo. Amatsegula buti ya kunsi kwa basi, kuyalamo matiresi, kutulutsa kachitofu ka gasi n'kutereka mpunga ndi nyama yofutsa. Mfuu wa anthu otsetsereka m'madzi umawapeza utalumpha mpanda. Madzulo alendo aja amabwerera zala zitachita makwinya, n'kugona njira yonse, dalaivala yekha ali maso.

Ulendo wawo womaliza asanapume pantchito, abwana anawalola kutenga akazi awo, mayi Creuza, amene anaphikira ana pasukulu ina ya boma mpaka mawondo anakana. Atatsitsa alendo, awiriwo anati aone masitolo. Sanayende patali. Mtsikana wina wovala yunifolomu ya buluu anawatchinga n'kuwauza kuti mabanja akupatsidwa nkhomaliro yaulere, bola akhale pansi ola limodzi kumvera nkhani yabwino.

Ola lija linakhala maola anayi. Anawalowetsa m'chipinda chachikulu chozizira, matebulo mbwee, tebulo lililonse banja limodzi ndi wogulitsa wake. Wawo anali Cleiton, mnyamata wa mano oyera ndi wotchi yaikulu. Anawaonetsa zithunzi za chipinda cha pansanjika yachisanu ndi chinayi, cha anthu anayi, chokhala ndi kakhitchini ndi khonde. Sumagula chipinda chonse ayi, umagula gawo: masabata awiri pachaka, chaka ndi chaka mpaka kwa zidzukulu, ndipo ukafika amakuveka chibangili cha pulasitiki cholowera mu paki mwaulere. Banja likasaina, wina ankaliza belu, chipinda chonse n'kuwomba m'manja ngati paukwati.

"Madala, zaka zonsezi mwakhala mukusiya anzanu pachipata," anatero Cleiton atamva ntchito yawo. "Inuyo adzakusiyani pachipata ndani?"

Mayi Creuza anaponda phazi la amuna awo kunsi kwa tebulo. Anawapondanso. Belu linalira patebulo loyandikana nalo, kenaka linalira pa lawo. Ndalama imene kampani inawapatsa popuma inalowa pafupifupi yonse, ndipo pobwerera mayi Creuza sanatsegule pakamwa mpaka basi inadutsa ku Piracanjuba.

Amene anawerenga chipepala chonse cha mgwirizano, mpaka timalemba ta nyerere ta kumapeto, anali mwana wawo wamkazi Lucimar, wolandira ndalama pasitolo ya mankhwala. Anapeza zinthu ziwiri zimene Cleiton anazinena mothamanga. Choyamba, pali ndalama yosamalira nyumba yolipira mwezi ndi mwezi, upite usapite. Chachiwiri, masabata susankha wekha, amazungulira pakati pa eni magawo onse. Chaka choyamba a Valdivino anagweredwa sabata ya mu Marichi ndi ina ya mu Seputembala, nthawi imene zidzukulu zili m'kalasi ndipo aliyense ali pantchito.

"Ababa, ndalama ya miyezi khumi ndi iwiriyi mukaiphatikiza, ikwana kugona hotela sabata yathunthu, popanda kugula chilichonse," anatero Lucimar. "Mwagula chilolezo cholipirira chinthu chomwe mukanangolipira."

"Koma chipindacho n'changa."

"Chanu ndi anthu ena makumi awiri ndi asanu omwe simukuwadziwa."

Lucimar si munthu wongodandaula. Pofika mu Febuluwale anali atapeza wogula, mlamu wake wa abwana ake, amene anavomera kutenga gawolo pamtengo wosafika theka. Kuluza kunalipo, koma ndalama ya mwezi ndi mwezi ikanathera pomwepo. Munthuyo anafuna yankho pofika Lamlungu lotsiriza la sabata ya mu Marichi ija. A Valdivino anati ayambe akaona ndi maso awo.

Anapita pa basi wamba, ngati alendo. A Valdivino anakhala pawindo, ndipo pakhota paliponse phazi lawo linkasakasaka buleki pansi pa mpando wa kutsogolo. Mayi Creuza ananyamula mpunga, nyemba, adyo ndi poto wawo wa kunyumba, akuti a muhotela sadalirika.

Chipindacho chinalidi ngati pachithunzi, kungochepako. Anawaveka zibangili zobiriwira. A Valdivino anavala kabudula watsopano amene Lucimar anawagulira, miyendo ili mbuu chifukwa cha zaka za thalauzi, n'kutsika kukalowa mu dziwe lalikulu. Madziwo anali ofunda ngati msuzi wa dzulo wotenthetsa. Anaima, madzi akulekeza m'chifuwa. Anayenda kufika kutsidya, n'kubwerera. Anayang'ana anzawo kuti aone chimene munthu amachita akalowa, koma anzawowo anangoti khale, ena atanyamula zitini za mowa pamwamba pa madzi ngati makandulo a pa mdipiti wa tchalitchi. Patatha mphindi khumi ndi zisanu anatuluka.

Lolemba anayesa chotsetserekera chaching'ono, madzi n'kuwalowa m'mphuno. Lachiwiri anadzuka nthawi yawo yakale, tambala asanalire, n'kusowa chochita. Anatuluka pakhonde ndi khofi. Kuchokera pansanjika yachisanu ndi chinayi paki yonse imaoneka ngati mbale zosiyanasiyana zoyanikidwa pa thandala, ndipo kuseri kwa mpanda kumaoneka bwalo la fumbi lija. Dzuwa litakwera mabasi anayamba kulowa. Basi yachitatu kulowa anaizindikira ndi kaimikidwe kake kopingasa.

Anatsika, kutuluka pachipata, kuzungulira mpanda.

"Taonani, taonani! Bwana afika!" anakuwa Nivaldo, dalaivala wonenepa amene anagwira naye ntchito zaka khumi. Anali atakhala pa ndowa yovundikira akusenda anyezi. "Amwene, chimenecho pamkono n'chiyani? Akutulutsani kuchipatala lero?"

"Chibangili cha eni malo ichi. Iwe sungachidziwe."

"Eni malo! Ndiye eni malo mwadzatani kuno kwa ife akapolo? Tioneni miyendo, anthuni. Ngati chinangwa chosenda."

"Basi yako waimika ngati ng'ombe yodwala. Zaka zonsezi sunaphunzirebe?"

"Khalani pansi, madala, musatilalatire. Mpunga wophika ndi zipatso za pequi uwu, koma mbale za galasi tilibe."

Anadya ndi supuni ya pulasitiki atatsamira tayala. Anamva kuti msewu wa ku Bela Vista aukonza mbali imodzi yokha, kuti uje anagwidwa akuthamanga, kuti basi yawo yakale ija anaipatsa mnyamata wosadziwa kusintha magiya pachitunda. Nkhani imeneyi inawawawa kuposa mmene ankayembekezera. Atadya, Nivaldo anawasunthira malo pa matiresi a m'buti, ndipo anagona tulo timene bedi la pansanjika yachisanu ndi chinayi linali lisanawapatse.

Lachitatu anapitanso, Lachinayi chimodzimodzi. Alonda a pachipata anazolowera kuona mkulu wa chibangili chobiriwira akutuluka m'mawa pamene anthu onse akulowa. Mayi Creuza sanafunse zambiri. Ankangoti, "Mukabwere ndi buledi," ndipo a Valdivino ankaganiza kuti mayiwo akungopirira, akuwerenga masiku kuti abwerere kwawo akanene kuti ndinkanena ine.

Pofika Lachisanu anali atagamula. Anakhala pa ndowa ya Nivaldo n'kuziona bwinobwino: analipira ndalama ya thukuta la moyo wonse kuti azidzadya mpunga pabwalo limene ankadyapo ulere. Lucimar sanalakwe. Munthu wamkulu akaphonya njira amabwerera, salimbikira kutsogolo poopa manyazi. Anaganiza zoyamba kuuza mayi, kuti mtima wawo ukhale pansi, kenaka aimbire mwana.

M'chipinda sanawapeze. Poto uja anali pa chitofu, wotsuka, ndipo thumba la mpunga linali lomanga monga linalili Lolemba. Anatsikira ku maiwe. Anayang'ana pamipando ya pamthunzi pamene ankaganiza kuti mayiwo amakhala, osawaona. Kudziwe la kumapeto kunkamveka nyimbo, ndipo mtsikana wina ataima pamphepete ankawerenga mokweza. M'madzimo munali amayi okwana makumi awiri, manja m'mwamba, akukweza mawondo motsatira nyimbo. Pamzere wachiwiri, atavala chipewa chachikasu chimene a Valdivino anali asanachionepo, panali mayi Creuza. Ankakweza bondo mpaka m'chiuno. Kunyumba bondo limenelo linkakana ngakhale sitepe ya pakhomo.

Nyimbo itatha anasendera kumphepete, akupuma mwa befu, akuseka ndi mayi wina wa ku Uberlândia.

"Awa ndi amuna anga aja ndimanena," anatero. "Amagwira ntchito ya ulonda kumabasi."

A Valdivino ananjuta pamphepete. "Mayi a Lucimar, ndaganiza. Mwana uja akunena zoona. Tigulitse."

"Tigulitse chiyani?"

"Gawoli. Ndinalakwitsa, ndavomera. Inu munandiponda phazi, ine osamva."

Mayi Creuza anavula chipewa, kuchikung'untha, n'kuchivalanso. "Kupusa munapusadi, bambo a Lucimar. Mnyamata wa wotchi uja anakuonerani patali. Koma zogulitsazo iwalani."

"Si inu munakhala osandiyankhula mpaka ku Piracanjuba?"

"Ndinali ndisanalowe m'madzi."

"Lucimar wawerengera. Ndi ndalama yomweyo tikhoza kumabwera kuhotela, nthawi yomwe tafuna tokha."

"Nthawi yomwe tafuna! Takhala m'banja zaka makumi anayi ndi chimodzi, inu mukubwera kuno Loweruka lililonse. Munafunapo liti? Ndalama ya hotelayo chaka chino idzakhala ya denga. Chaka chamawa ya mano a mdzukulu. Chaka chinacho mchimwene wanu adzabwera ndi nkhope yachisoni, inu n'kumupatsa. Ndikukudziwani, ndipo inenso ndikudzidziwa, ndingayambe ndine kunena kuti tisawononge. Koma ichi n'cholipiratu. Tsiku likakwana, kusabwera ndiye kuwononga."

"Ineyo madziwa sakundikomera."

"Ndani wati akukomereni? Pitani kwa anzanu kufumbi, ine mundipeza pano. Masiku anayi tsopano sindinagwire poto. Ndikudya chakudya choyeza pasikelo, chophika munthu wina, mbale n'kutsuka munthu wina. Chibadwire."

Mayi wa ku Uberlândia uja, amene ankanamizira kukonza tsitsi, anati, "Musawamvere amunawa, asisi. Anganso amafuna kugulitsa. Pano ali apo, agona pa chubu."

A Valdivino anakhala pansi, miyendo n'kulowa m'madzi. Anali atakonzeka kupepesa, ndipo kupepesa kumene munthu wakukonzekera kukasowa kolowera kumalemera m'kamwa. Anaganiza za ndalama ya mwezi ndi mwezi, imene sinachepe ndi kukweza mawondo kwa mayi.

"Nanga ya pamwezi ija?"

"Theka ndizichotsa pa penshoni yanga. Ndasiya kugulira zidzukulu mayogati, makolo awo alipo."

A Valdivino anaimba foni ali pomwepo. Lucimar anayankha ali kuntchito, makina olandirira ndalama akulira kumbuyo.

"Ababa, ndimuuze munthu uja kuti abwere ndi mapepala Lolemba?"

"Umuuze kuti pepani."

"Ababa!"

"Si ine ayi. Yankhula ndi amayi ako."

Mayi Creuza anapukuta dzanja pa malaya a amuna awo n'kulandira foni. A Valdivino ankangomva mawu a mwana wawo akutuluka ngati njuchi m'botolo: kuwerengera, kuchotsera, chaka ndi chaka mtengo udzakwera, akadzafuna kugulitsa m'tsogolo sadzapeza ngakhale theka lomweli. Mayiwo anamvetsera zonse osamudula.

"Zonsezo n'zoona, mwana wanga," anatero pomaliza. "N'chodula. Ukafuna undiwerengerenso chaka chamawa, mwina ndidzakumvera. Chaka chino ayi."

Kenaka Lucimar analankhula motsitsa, moti mayiwo anachita kukanikiza foni kukhutu.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Valdivino.

"Akufunsa ngati sabata ya mu Seputembala ilinso ya anthu anayi. Akuti akhoza kupempha tchuthi, ana awasiye kwa apongozi ake."

"Muuzeni kuti malo alipo. Koma eni malo amasonkha."

Mayi Creuza anabwereza mawuwo pafoni, n'kuseka ndi yankho limene anamva, osawauza amuna awo. Mtsikana wa pamphepete uja anayatsanso nyimbo n'kuwomba m'manja kuitana gulu lake. Mayiwo anabweza foni ili chinyontho, n'kubwerera pamalo pawo pamzere wachiwiri.