Che Abiba Anayanika Tizungulire

"Iwe wapita kusukulu, tandiuza. Makina aja amaona m'kati mwa chinthu ngakhale chitauma?"

Che Abiba anafunsa osamuyang'ana n'komwe Shakila, mwana wa mlongo wawo. Maso awo anali pa thandala. Pamene anzawo amayanikapo usipa, iwo anali atayalapo kansalu koyera, ndipo pakansalupo panali tizilombo takuda tonga nthangala za vwende, towazidwa mchere. Shakila anali atangolemba kumene mayeso a Fomu Folo, ndipo ankakonda kufunsidwa zinthu pagulu. Koma funso ili linamukulira.

Kuti mumvetse mantha a mayiwa, muyambe mwadziwa za chifuwa chawo.

Che Abiba anabadwira m'mudzi wa kufupi ndi Makokola, ndipo anayamba kuwamba nsomba asanathe n'komwe msinkhu. Amuna awo, Che Swadick, anapita ku Joni. Poyamba ankaimba foni, kenaka ankangotumiza moni kudzera mwa anthu, kenaka zii. Ana awo onse analeredwa ndi utsi wa kampango ndi mlamba. Utsi womwewo ndiwo unawabweretsera chifuwa chosamva mankhwala, mpaka tsiku lina kuchipatala anawaimika kutsogolo kwa chitsulo chozizira n'kuwauza kuti akoke mpweya, asapume. Pachithunzi cha ekisileyi anaona nthiti zawo zitandandalika ngati minga ya chambo, pakati pake pali timitambo toyera. Adokotala anati si TB ayi, ndi utsi, ndipo akabwererako pa ng'anjo sakhalitsa.

Kuyambira pamenepo Che Abiba ankawaopa makinawo. "Chinthu choti chinaona nthiti zanga," ankatero, "sungachinamize."

Ntchito yatsopano inawapeza akuchapa pa dambwe, thamanda la m'mbali mwa nyanja. Mtsikana wina wa ku yunivesite ku Zomba, dzina lake Mayankho, anali m'bango ndi kaukonde, akusaka tizilombo tija timazungulirazungulira pamwamba pa madzi, timene ana amatitcha tizungulire. Che Abiba anamuthandiza ndi chidutswa cha neti ya udzudzu, ndipo ubwenzi unayambira pomwepo. Mayankho anawaonetsa pa foni kuti kachilomboka diso lake lililonse n'logawika pawiri, mbali ina imayang'ana kumwamba, ina pansi pa madzi. Anati kunja kuli makina a ekisileyi aakulu kuposa a kuchipatala, amene amaona m'kati mwa diso laling'ono chonchi popanda kulicheka, mpaka timitsempha topita ku ubongo. Anawasiyira timabotolo ndi kachigubu ka sipiriti woyera. Kachilombo kakagwidwa kazilowa m'sipiriti nthawi yomweyo, kuti za m'kati zisaonongeke.

Malipiro ake sanali ochititsa kaso, koma anakwanira kuwachotsa pa utsi. Chifuwa chinayamba kugona. Anthu ankawaseka kuti asiya nsomba n'kumaweta nsikidzi za m'madzi, iwo n'kumangoti, "Nsikidzi zanga sizitsokomoletsa."

Tsono kutentha kwa Okutobala kunang'amba chitsekerero cha kachigubu kaja, sipiriti yense n'kuuluka. Atamuimbira Mayankho, iye anati asadandaule. Sipiriti wamtundu wa m'magolosale uja asagule, koma apeze kachasu wa mutu, woyamba kutcheza uja, asungiremo mpaka iye atabwera. Che Abiba anayankha kuti chabwino, poti munthu wokulemba ntchito sumukanira pa foni.

Koma kachasu? Che Abiba ndi amene amasambitsa maliro a amayi m'mudzimo. Manja awo ndi omaliza kukhudza munthu asanakulungidwe mu sanda. Sipiriti ankamuona ngati mankhwala a pabala, koma kachasu ndi haramu yoonekeratu, ndipo wotcheza yekhayo, mayi Mtendere, amakhala kutsidya kwa msewu wa tala. Njira yake imadutsa pa mzikiti ndi pa mjigo. Botolo likanangolowa pakhomo pawo, ndani akanawaitananso pa maliro a mayi ake?

Ndiye anachita chimene nyanja inawaphunzitsa. Chinthu cha m'madzi ukafuna chisaole, mchere ndi dzuwa.

"Ndakufunsa, mwanangu," anabwereza motero.

"Azakhali, mwina amaona," anatero Shakila.

"Mwina ndi yankho la kusukulu limenelo?"

Shakila anatola usipa umodzi pa thandala la pafupi n'kuwapatsa. Che Abiba anautembenuza, n'kuyang'ana diso lake. Linali litalowa m'kati, litafota, pangotsala kadzenje. Usipa wouma anaugwira moyo wawo wonse, koma diso lake anali asanaliyang'anepo chonchi. Anakhala pansi pa mchenga, natsokomola kamodzi.

Mayankho anafika Lachinayi masana pa kabaza, nkhope ili fumbi lokhalokha, akuseka.

"Amayi, ana anga ali bwanji?" anafunsa, akunena tizilombo tija.

Che Abiba anamuyalira mkeka, namupatsa madzi, namufunsa za ku Zomba, za mvula, za makolo. Mafunso atatha anatulutsa kansalu kaja.

Mayankho anatola kachilombo kamodzi. Kanali kopepuka ngati gaga, ndipo mwendo wake unathothoka. Anakayang'ana pa kagalasi kake kokulitsa zinthu nthawi yaitali.

"Mwathira mchere?"

"Pang'ono pokha. Kuti ntchentche zisatere."

"Nanga kachasu uja?"

"Achemwali, ine ndimasambitsa maliro."

Mayankho anabwezera kachilombo kaja pa kansalu. Sanakalipe, ndipo Shakila anaona kuti bola akanakalipa. Mayankho anafotokoza motsitsa mawu kuti chigoba chili bwino, koma chimene makina akufuna ndi chofewa cha m'kati mwa diso, ndipo chimenecho dzuwa ladya. Aphunzitsi ake anyamuka Loweruka kupita kunja kumene kuli makinawo, ndipo mpata wowagwiritsa ntchito anaudikira chaka chathunthu. Iye sanatenge sipiriti wina poti ankadziwa kuti akudzangonyamula mabotolo.

"Ndikapita chimanjamanja, andiuza kuti ndipeze munthu wina. Alipo bambo wina ku Chembe amene akhala akumutchula." Anapukuta kagalasi kaja ndi malaya. "Ine sindikufuna zimenezo, amayi. Ndigona ku Monkey Bay. Mawa dzuwa likafika pamutu ndidutsanso pano. Tizilombo tikakhala m'botolo, ndinyamula."

"Bwanji osakagula nokha kachasuyo, asisi?" anafunsa Shakila.

"Ndingagule. Koma ogwira tizilombo ndi amayiwa, ndipo botolo liyenera kukhala pambali pawo m'madzimo. Komanso sipiriti adzathanso tsiku lina ine ndili ku Zomba. Tidzatani?"

Kabaza atapita, Che Abiba anapinda kansalu kaja bwinobwino ngati muli kanthu. Kenaka anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali ng'anjo yawo yakale yowambira nsomba. Inali itamera udzu, waya wake atachita dzimbiri. Anayamba kuzula udzuwo.

"Azakhali, mukutani?"

"Ndikungoona ngati waya akadali wolimba."

"Adokotala aja anati chiyani?"

"Adokotala sadya kwathu kuno." Anazula tsinde lina. "Mulungu ndiye mwini mpweya. Ndikafa ndi utsi, andisambitsa anzanga mwaulemu. Ndikafa ndi mbiri ya botolo, adzabwera ndani?"

Shakila anaima pomwepo, akumva kupuma kwa azakhali ake kukulira ngati wezulo wong'ambika. Miyezi yonseyi ankalakalaka anthu atamudziwa. Ankadziona akuwerenga nkhani pa wailesi, kapena dzina lake litalembedwa pansi pa chithunzi cha diso lija, anthu a kunja akulitchula mokhotakhota. Tsopano anaona njira imene akanadziwikira msanga: mtsikana wa hijabu akuchokera kwa mayi Mtendere, botolo lili m'manja. Pa mjigo nkhaniyo ikanafika iye asanawoloke msewu. Bambo ake akanaimva potuluka mu mzikiti, poti mawa lake linali Lachisanu. Ndipo amayi a mnyamata wina amene ankamupatsa moni wautali masiku amenewo akanaimvanso.

Anaganiza zolibisa m'chitenje, koma anadziwa kuti chobisa ndicho chimanunkha kwambiri. Akalinyamula poyera, atamata pepala lolembedwa kuti mankhwala a tizilombo, ena adzakhulupirira, ena ayi. Botololo silidzalowa pakhomo pa azakhali ake, ndipo manja awo sadzalikhudza. Iwo azikokola ndi neti, iye aziponya m'botolo. Likatsala, lizigona kwa mayi Mtendere komweko.

Sanadziwe ngati kachasuyo adzasungadi maso aja mpaka kukafika kunja, kapena ngati bambo ake adzamulola kufotokoza.

"Azakhali, siyani udzuwo. Neti ija ili kuti?"

"Ukufuna utani nayo?"

"Muikonze. Mawa tilawirira ku dambwe. Za botolo musazidziwe, n'zanga."

Che Abiba anamuyang'ana, udzu uli m'manja, osavomera, osakana. Shakila anakonza hijabu yake, navala masilipasi, n'kulunjika njira ya ku msewu wa tala, yodutsa pa mjigo.