Pichesi Loyamba

Alamu anga anthu amawatcha Mayi Sizinapse, ndipo dzinali anadziputira okha. Ali ndi kalesitilanti ka matebulo ochepa moyandikana ndi shopu yanga yosokeramo zovala, moti fungo la keke wawo limandipeza ndili pa makina. Ukalowa n'kufunsa jamu wa magwafa nthawi ya mango, amakuyang'ana ngati wapempha mwana wawo. "Sizinapse, bambo. Idyani zomwe zilipo." Ena amatuluka akung'ung'udza, mawa lake n'kubweranso, chifukwa dzanja la mayiyu ndi lina.

Zophika zawo zimachokera m'munda wa kuseri kwa khitchini, umene achimwene anga, amuna awo, akhala akulima kuyambira ali mnyamata. Muli matimati, kabichi, maungu, mandimu, magwafa, ndi mitengo ya mapichesi chakumpanda. Achimwene si munthu wolongolola. Pakamwa pa banja lathu ndinatenga ndine, iwo anangotsala ndi manja.

Awiriwa anali ndi kachizolowezi kawo. Mtengo uliwonse ukayamba kupsa, achimwene ankathyola chipatso choyamba, kuchipukuta pamalaya, n'kukaima nacho pakhomo la khitchini. Alamu ankaluma, kutafuna maso ali kudenga ngati woweruza milandu, kenako n'kuti, "Chapsa." Apo m'pamene ankatenga choko n'kulemba chipatsocho pabolodi la pakhomo. Asanalawe chochokera m'dzanja la amuna awo, palibe cholembedwa, ngakhale nthambi zithyoke ndi zipatso. Ine ndinkawaseka. "Inu, zachibwanazi mudzasiya liti? Muli ndi zidzukulu!" Alamu ankangoti, "Nsanje, mlamu. Kasokeni."

Matenda a achimwene anabwera mwakachetechete. Anayamba n'kuiwala pomwe asiya khasu, ife n'kumaseka. Kenako tsiku lina anandifunsa ngati amayi athu abwerako kumsika, amayi amene tinaika m'manda kalekale. Pamenepo kuseka kunatha. Kuchipatala anati ndi matenda oiwala amene amagwira okalamba, ndipo sabwerera m'mbuyo.

Koma munda sanauiwale. Dzina la mdzukulu linkawathawa, koma manja ankadziwa potengulira ndi pothirira, ndipo dengu linkafika kukhitchini m'mawa uliwonse. Mwana wawo wamkazi atabwera kudzawaona, anachonderera. "Amayi, tsekani lesitilantiyi, abambo tikawasunge kwathu. Mukudzipha."

"Ukawachotsa m'munda atsala ndi chiyani?" anayankha alamu. "Aiwale zonse, bola akundidziwa ine. Akamandibweretsera chipatso, ndiye kuti tikadalipo."

Magwafa anadutsa bwinobwino. Mandimu nawonso. Ulendo uliwonse achimwene akaima pakhomo paja, alamu ankapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kenako inafika nyengo ya mapichesi, imene makasitomala amaidikira chaka chonse chifukwa cha keke amene alamu amaphika, wonyowa pakati, wa mapichesi pamwamba.

M'mawa wina ndinali m'khitchini momwemo, ndikumwa tiyi wa eni ake monga mwa masiku onse. Achimwene anatulukira m'munda, pichesi lofiirira mbali imodzi lili m'manja. Analipukuta pamalaya. Alamu anapukuta manja pa epuloni, choko ali kale m'thumba, n'kutambasula dzanja.

Achimwene anabisa pichesi lija kumbuyo.

"Pepani mayi, ili si logulitsa," anatero mwaulemu. "Ndi la mkazi wanga. Mwamuonako?"

Alamu anaseka pang'ono, poganiza kuti mwina ndi nthabwala. "Bambo, ndine. Bweretsani kuno, mafuta akupserera."

Achimwene anawayang'ana mmene umayang'anira munthu wachilendo amene wakupatsa moni m'basi. "Ayi, si inu. Ndimudikira, sachedwa." Anakhala pabenchi la pakhomo, pichesi atalifumbata pamiyendo.

Alamu anazimitsa moto. Anavula epuloni ndi mpango wa kumutu, anatulukira khomo la kutsogolo, n'kuzungulira kukalowera kageti ka kumunda, kuti mwina akachokera kwina awazindikira. Achimwene atawaona akubwera anasendera kumapeto kwa benchi. "Khalani, mayi. Inenso ndikudikira munthu."

Ine mtima unandiwira. "Achimwene, mwatani kodi? Awa ndi alamu! Akazi anu!"

Alamu anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zala kulowa. "Asiyeni, mlamu. Muwaopseza." Anakhala pabenchipo, n'kufunsa ndi mawu amene sindinawamvepo chikhalire, "Mkazi wanuyo ndi wotani, bambo?"

Achimwene anamwetulira, mano onse panja, ngati mnyamata. "Ndi wovuta. Koma akapanda kulawa iye, palibe amene adye."

Ndinathawira kushopu kwanga. Ndinalira mpaka kunyowetsa nsalu ya kasitomala. Ndaikapo anthu m'manda, koma chisoni choona munthu akusowa mkazi wake ali naye pabenchi limodzi sindinachidziwepo.

Chaka chimenecho mapichesi anabereka ngati akuchita dala. Nthambi tinachita kuziikira mitengo yochirikiza, mapichesi ena n'kumagwa okha, mavu n'kumachita phwando. M'mawa uliwonse achimwene ankathyola limodzi, kulipukuta pamalaya, n'kukhala pabenchi kudikira. Alamu ankawapatsa tiyi, iwo n'kuthokoza ngati mlendo.

Ndinayesa kuwanyengerera. "Alamu, tolani limodzi mulume nokha, mulembe pabolodi. Adziwe ndani?"

"Ine," anatero, n'kupitiriza kusenda maungu.

Mapichesi a pansi ankagawira ana a mumsewu, ena n'kupatsa ine kuti ndizikadyera kwanga, koma m'khitchini mwawo simunalowe ngakhale limodzi. Nyengo ili pafupi kutha, kunabwera dalaivala wina amene amadya pamenepo chaka ndi chaka. Anawerenga bolodi, anasuzumira kumpanda, n'kuseka.

"Mayi, mapichesi ali mbwee pansi apa. Keke uja bwanji chaka chino?"

Alamu anayang'ana kukhomo la khitchini, kumene achimwene anali atakhala, chipatso chili m'manja. Kenako anamuikira mbale ya supu wa maungu patebulo.

"Sizinapse, bambo. Idyani zomwe zilipo."