Ndinataya Mayina a Asilikali a Bambo Tembo

Ndinalakwira munthu wamkulu pofuna kumuthandiza, ndipo cholakwa changa chinali chakuti sindinafunse. Inu owerenga, nkhani iyi ndi ya tizidole, ndipo ena mwa inu museka kuti munthu wopita kusukulu angadandaule ndi zoseweretsa. Sekani ndithu, koma werengani mpaka kumapeto.

Ndinabwera kuno kutsidya kwa nyanja kudzaphunzira, ndipo nditamaliza ndinapeza ntchito n'kumakhala ndekha ku Falls Church. Sabata yathunthu inkatha osalankhulapo Chichewa ndi munthu maso ndi maso. Loweruka lina ndinalowa m'sitolo ina ku Springfield momwe amagulitsa tiasilikali totalika ngati theka la chala. Ogula amatipaka penti ndi manja, kenako amatifoletsa patebulo lalikulu n'kumamenyana nkhondo pogwiritsa ntchito madayisi, timiyala ta madontho toponya, ndi tepi yoyezera, motsatira buku la malamulo. Kumeneko ndinakumana ndi a Tembo, bambo wokulira ku Lusaka, amene anasamalira okalamba ku Wheaton zaka zambiri mpaka nawonso anakalamba. Atamva dzina langa anaseka nati, "Imwe a ku Malawi, bwelani munkhale apa nikumenyeni bwino-bwino."

Anandimenyadi pamasewerawo tsiku limenelo, ndiponso Loweruka lililonse kwa zaka zinayi. Gulu lawo linali la tiasilikali ta mtovu makumi asanu ndi limodzi, Aafirika a m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ovala makabudula. Msilikali aliyense ankaima pa kathabwa kozungulira. Ndinkaona kuti asanamuike patebulo, a Tembo ankamutembenuza, kuyang'ana kunsi kwa kathabwako, milomo ikugwedera. Ndinkaganiza kuti ndi chizolowezi chabe cha nkhalamba.

Kenako kampani yopanga tiasilikaliti inasintha njira zake. Inasiya ta mtovu n'kuyamba ta pulasitiki, tokulirapo, togulitsidwa m'mabokosi aakulu. Inatulutsanso buku latsopano lonena kuti msilikali aliyense aziima pa kathabwa kotambalala kuposa kale. Pamasewerawa mtunda umayezedwa kuchokera m'mphepete mwa kathabwa, choncho wa timatabwa takale sakanaloledwa pa mpikisano, ndipo posakhalitsa anzathu a m'sitolo anayamba kukana kusewera naye. Ine, pokhala munthu wokonda malamulo, ndinagula zatsopanozo mwezi womwewo. A Tembo anakana. Anati, "Asilikali banga sibasintha nsapato chifukwa chakuti kampani ifuna kugulitsa."

Ndiyenera kunena zoona pano. Ndinkaopa kuti akapitiriza kukanidwa asiya kubwera, ndipo ine ndidzabwerera ku moyo wolankhula ndi makoma. Kunali kukubwera mpikisano wa awiriawiri ndipo ndinkafuna kuti tilowe limodzi. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, motero ndinawapempha bokosi la asilikali awo, ndikunena kuti ndikakonza pamene penti inasupuka. Za timatabwa sindinatchule. Ndinkafuna kuti adzadabwe.

Lamulungu masana, nditachoka kutchalitchi, ndinayala nyuzipepala patebulo n'kuyamba kukanganula msilikali aliyense ndi kampeni. Kunsi kwa timatabwato kunali mayina olembedwa ndi cholembera chakuda: Yohane, Mabvuto, Harold, Esinati. Ndinawawerenga. Ndinaganiza kuti ndi zizindikiro zosiyanitsira magulu pamasewera. Dzina la mkazi pansi pa msilikali wamwamuna linayenera kundiimitsa dzanja, koma munthu amene watsimikiza kuti akuchita zabwino safunsa mafunso. Ndinamata onse pa timatabwa tatsopano, ndinawaza kamchenga ndi timaudzu, ndipo takale tija ndinasesera m'bini. Galimoto yotola zinyalala inabwera Lachiwiri.

Loweruka a Tembo anatsegula bokosi lija, ine ndikumwetulira. Anatenga msilikali mmodzi, anamutembenuza. Anatenga wachiwiri, wachitatu. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Aphwanga, maina yali kuti?"

Mpamene anandifotokozera zimene sindinawafunsepo zaka zonse zinayi. Msilikali aliyense ananyamula dzina la munthu wawo amene anamwalira: abale a kwawo amene maliro awo sanathe kukakhalapo, ndiponso okalamba amene anatsirizikira m'manja mwawo popanda wachibale pafupi. Esinati ndi akazi ena ankakhala pansi pa asilikali chifukwa kunalibe kwina kowaika. Dokotala anali atawauza kuti ayamba kuiwala, ndipo kuwerenga mayinawo Loweruka lililonse inali njira yawo yowasungira.

Tinakhala pansi ndi pepala. Ine ndinkatchula amene ndinawaona, iwo ankakumba m'mutu mwawo. Sitinafike theka. Ena ankakumbukira nkhope, dzina osabwera, ndipo ankatseka maso nthawi yaitali. Sanandikalipire. Potseka bokosi anangoti, "Mwagwila nchito yaukhondo, yaoneka bwino." Kulibe chitonzo chimene chinandilasapo ngati kuyamikira kumeneko.

Mpikisano uja sitinalowe. Loweruka lotsatira sanabwere, linalo sanabwerenso. Apa ndinalakwanso kachiwiri: manyazi anandigwira, ndinadziuza kuti ndiwapatse nthawi, ndipo miyezi isanu inadutsa ndisanapite ku Wheaton. Nditagogoda, mwana wawo wamkazi anandiuza kuti a Tembo anasamukira kwa mwana wawo wamwamuna kutali ndi kuno, chifukwa sakanathanso kukhala okha. Anawaimbira foni kuti ndilankhule nawo. A Tembo anandipatsa moni mwaulemu, monga mmene munthu amalonjerera mlendo.

Patapita chaka ndi theka chitulukireni buku latsopano lija, kampani ija inasiyiratu masewerawo n'kuyambitsa ena. Matebulo a ku Springfield tsopano ali ndi zidole zamtundu wina, ndipo gulu langa la pulasitiki, limene ndinalithamangira, lili m'kabati. Malamulo amene ndinaonongera chikumbutso cha munthu sanakhale ngakhale zaka ziwiri.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumatolera zinthu zoterezi kapena muli kunja kuno nokha, mverani ine. Wopanga katundu amasintha pamene malonda amuuza kutero, ndipo sadziwa chimene mwalemba kunsi kwa katunduyo. Musakakamize mnzanu kuthamanga nawo liwiro limenelo. A Tembo ndi ine tikanatha kusewera ndi buku lakale patebulo la m'nyumba mwanga mpaka lero, palibe akanatiletsa. Chinthu cha mwini musachikonze musanafunse, ngakhale mutaona kuti mukudziwa bwino. Ndipo mukalakwira munthu wamkulu, pitani mawa lomwe, chifukwa simudziwa kuti adzakukumbukirani mpaka liti.

Mwezi wathawu ndikusesa, ndinapeza kathabwa kamodzi kunsi kwa furiji. Kalembedwa kuti Esinati. Sindikudziwa ngati anali mlongo wawo, mayi awo, kapena mkazi amene anamukonda asanabwere kuno, ndipo amene akanandiuza sangathenso. Ndinakaika pawindo. Loweruka lililonse ndimakatembenuza n'kutchula dzinalo mokweza, m'nyumba mopanda wondiyankha.